Zikomo anthu a ku Zomba, mwana wanu uja watenga CPL

Ife akubanja ku Chinamwali, pamodzi ndi komiti yomwe inkasonkhetsa ndalama, tikuti zikomo kwambiri. Mtsikana wathu wakwanitsa maola 200 ouluka ndipo walandira CPL, layisensi yomulola kulembedwa ntchito yoyendetsa ndege, kusukulu ina ya ku South Africa. Amayi akumpingo, gulu la banki mkhonde la ku Matawale, amalume ake a ku Joni amene ankamulipirira nyumba, ndi inu nonse munkatumiza kangachepe pa Mpamba ndi Airtel Money, Mulungu abwezere pomwe munachotsa.

Ambiri munkafunsa chifukwa chake tinkabweranso kudzapempha. Tifotokoze, kuti makolo ena asayambe m'chimbulimbuli.

Ndalama yoyamba ipite kwa dokotala wovomerezeka wa za ndege, osati kusukulu. Kupimidwa kwa Class 1, komwe CPL imafuna, kumayang'ana maso, makutu ndi mtima, ndipo wosasiyanitsa bwino mitundu monga yofiira ndi yobiriwira akhoza kutsekeredwa njira pomwepo. PPL, layisensi yoyambira yomwe sikulola kulembedwa ntchito, imangofuna kupimidwa kocheperapo kwa Class 2, n'chifukwa chake ena amadzadziwa vuto lawo atawononga kale ndalama za chaka chathunthu.

Mtengo womwe sukulu imakulemberani amawerengera pa maola ochepetsetsa amene lamulo limalola. Ku South Africa PPL ndi maola 45, koma ophunzira ambiri amapitirira pamenepo, ndipo ola lililonse lowonjezera mumalipira ndege, mafuta ndi mphunzitsi. Kenako pamabwera kuuluka usiku, kuuluka podalira zida zokha osaona kunja, ndege ya injini ziwiri, komanso maola 100 amene wophunzira amakhala ndiye wolamulira ndegeyo. Mayeso olemba amafuna 75 pa 100, ndipo kubwereza phunziro n'kulipiranso. Funsani ngati mtengowo ukuphatikiza ndalama zoterera pabwalo, mahedifoni, mabuku ndi malipiro a woyesa. Za viza ndi inshuwalansi ya chipatala ndi zanu.

Chomwe chimadya ndalama kwambiri ndi kudukiza. Wophunzira akakhala pansi mwezi umodzi kapena iwiri kudikira kuti kumudzi atumize, manja amaiwala, makamaka potera. Akabwerera amayamba wabwereza ndi mphunzitsi zomwe analipira kale, lendi nayo ikuwerengabe. Ndi bwino kuchedwa kuyamba gawo mpaka ndalama zake zitakwana, kusiyana n'kumauluka kamodzi pamilungu iwiri. Apa ndiye tithokoze mwapadera abambo aja amene anatibwereketsa popanda chiwongoladzanja gawo la usiku lili pakati. Akanakhala wa katapila, bwenzi tikunena zina.

Nanga kwacha! Fizi ndi ya marandi, ife timasonkha makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zomwe zinali m'buku la komiti zinagula maola ochepa kuposa omwe tinawerengera. Ndalama zakunja nazo zimasowa m'mabanki, choncho pitani msanga ndi invoisi ya sukulu, kalata yoti analandiridwa ndi pasipoti, gawo lisanathe. Komabe musapereke fizi yonse nthawi imodzi ngakhale atakulonjezani kuchotsera. Sukulu ikatsekedwa kapena ndege zikakhala nthawi yaitali zikukonzedwa, ndalamayo kuibweza n'kovuta. Lipirani gawo ndi gawo, ndipo mwezi uliwonse yerekezani sitetimenti ya sukulu ndi maola olembedwa mu logbook yake, buku lomwe amalembamo maulendo ake ouluka.

Kwa amene mukufunsa kuti ayamba liti kutera pa Chileka, pang'onopang'ono. Layisensiyo iyenera kuvomerezedwa kaye ndi akuluakulu oona za ndege kuno kwathu, ndege yaikulu ngati Q400 ili ndi maphunziro akeake, ndipo ATPL, layisensi yapamwamba yomwe kaputeni wa ndege zikuluzikulu amakhala nayo, imafuna maola 1,500. Pakali pano akukonzekera maphunziro a uphunzitsi kuti maolawo aziwapeza akulandira malipiro.

Buku la zopereka ndi malisiti onse zili kwa msungichuma wa komiti. Aliyense amene anasonkhapo ali ndi ufulu wobwera kudzaona.