Zomwe ndaphunzira pa Aker, dera lomwe Oslo inameza

Teremu ino pa phunziro la maboma aang'ono tikuona za mizinda yomwe inakula pomeza madera oyandikana nayo. Ine mtima wanga wakakamira pa Aker ya ku Norway.

Aker inakhala khonsolo payokha mu 1838. Linali dera la minda ndi nkhalango lomwe linazinga mzinda wa Christiania, likulu la dzikolo, umene unayamba kutchedwa Oslo mu 1925. Mzindawo unabenthulako malo mu 1859, n'kubwerezanso mu 1878, kenaka malire anakhala zaka 70 osasuntha kwenikweni. Koma anthu sanasiye kuchuluka. Osowa malo mumzinda ankamanga nyumba ku Aker, m'mawa n'kukwera sitima kukagwira ntchito ku Oslo, msonkho wawo n'kumatsala ku Aker. Pofika 1948 khonsolo yotchedwa yakumudziyi inali ndi anthu oposa 130,000.

Apa ndi pomwe ndinatsegukira maso. Mzinda unali ndi anthu osowa pogona nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, koma pomanga unalibe. Malo anali kwa mnzawo. Pa 1 Januwale 1948 Aker inalowa mu Oslo, ndipo mzinda womwe unali wa masikweya kilomita pafupifupi 17 unapitirira 400. Kwathu timadziwa za Blantyre ndi Limbe zomwe zinaphatikizidwa mu 1956, koma apo anali matauni awiri. Uku wamng'ono ndiye anameza wamkulu.

Posakhalitsa minda ya ku Lambertseter, dera lomwe linali mu Aker, inasanduka midadada ya nyumba zosanjikizana, kenaka chigwa cha Groruddalen chinatsatira. Ndikuona kuti kuphatikizako kunali koyenera, chifukwa banja lopanikizana m'chipinda chimodzi silingadikire mkangano wa malire. Komabe zimandiwawa kuti nkhaniyi imakonda kukambidwa ngati ya kukula kwa Oslo basi. Nanga mlimi yemwe anaona mathalakitala akusalaza pomwe bambo ake ankadyetsa ng'ombe?

Ngakhale tchalitchi chakale cha miyala cha anthu a ku Aker, Gamle Aker, chomangidwa m'zaka za m'ma 1100, chinapita kumzinda kalekale, eni ake n'kumanga zina ziwiri: Vestre Aker mu 1855 ndi Østre Aker mu 1860. Lero madera awiri a Oslo, Vestre Aker ndi Nordre Aker, akadali ndi dzinalo.

Ntchito yomwe aphunzitsi atipatsa ndiilemba kuchokera kumbali ya anthu a ku Aker, ndipo ndiyambira pa funso la msonkho lija.