Ku Majete ndi ku Elephant Marsh m'nyengo yotentha

Munthu akamachokera ku Blantyre n'kutsika mapiri okhotakhota aja kulowera ku Thabwa, kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumamulandira asanawoloke n'komwe mlatho wa Kamuzu. Ife tinapita mu Okutobala, mwezi umene ambiri amauopa chifukwa cha dzuwa, koma ndiyo nyengo yabwino yoonera nyama, popeza udzu umakhala utauma ndipo nyama zimasonkhana kumene kuli madzi.

Tinayambira ku Majete, nkhalango yomwe m'zaka za m'ma 1990 inatsala yopanda njovu ngakhale imodzi chifukwa cha opha nyama mozembera. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowa mu 2003, linabweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira mu 2006, ndipo mikango inafika mu 2012. Mikangoyo sitinaione, koma njovu tinazipeza zikumwa madzi m'mphepete mwa Shire, komanso gulu la njati linatitsekera njira kwa nthawi ndithu, woyendetsa galimoto atazimitsa injini kuti zidutse mwa kufuna kwawo. Chakufupi ndi chipata kuli mathithi a Kapichira, pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859, ndipo lero madzi ake amapukusa makina a magetsi.

Komabe chimene chinandikhudza kwambiri si Majete, koma dambo la Elephant Marsh. Livingstone analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 pamalo amenewa. Lero palibe ngakhale imodzi, mwatsala mvuu, ng'ona, mbalame zosawerengeka ndi asodzi. Dambolo linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar mu 2017, koma kwa anthu a kumeneko ndi munda, msika ndi nkhokwe ya ndiwo.

Tinakwera bwato kum'mawa kwa dambolo pamodzi ndi msodzi wina wachikulire, yemwe ankaliyendetsa ndi nsungwi yaitali m'timakwalala ta pakati pa bango ndi gumbwa. M'malo ena namasupuni anali atatseka njira, moti tinkachita kumukankha ndi manja. Nditatulutsa mbedza zanga zogula mumzinda, mkuluyo anaziyang'ana n'kuseka.

"Achimwene, mbedza zimenezi mcheni akazigwira adula chingwe ndi mano ake. Mangirirani waya kutsogoloko," anatero.

"Nanga ng'ona sizitivutitsa, bambo?" ndinafunsa.

"Dzanja likhale m'bwato basi. Yoopsa kwenikweni ndi mvuu ya mwana."

Mcheni sanabwere tsiku limenelo, koma tinakola milamba ingapo ndi nyambo ya nyongolotsi, pomwe m'miono yomwe mkuluyo anatchera dzulo lake munali makakana okwanira dengu. Usodzi wa kuno, kunena zoona, si masewera a alendo. Munthu amalawirira kusanache, amavuula ukonde womwe nthawi zina ng'ona yaung'amba kale, ndipo nsomba zikapanda kugulidwa msanga ayenera kuziwamba pamoto kutentha kusanaziwononge. Mkuluyo anatifotokozeranso kuti chaka cha njala anthu amakumba nyika pansi pa madzi omwewa kuti apeze chakudya, ngakhale akudziwa bwino lomwe kuti ng'ona zili momwemo. Ndikuona kuti mlendo wokwera bwato lotere asamanenerere kwambiri mtengo, chifukwa maola amene msodzi akumuonetsa akakowa ndi nkhwazi ndi maola amene akanakhala akuwedza.

Madzulo milamba ija anatiphikira ndi tomato, tinadyera nsima ya mapira, ndipo m'mawa mwake tinadzera ku Nchalo, pakati pa minda ya nzimbe, kupita ku nkhalango ya Lengwe kukaona nyala, nyama za mtundu wa agwape, zomwe zimafika pazitsime dzuwa lisanakwere.