Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Tsiku Limene Ndinanyoza Malume

Ndikuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo, makamaka mayi amene anandikumbutsa kuti Dr. Banda anatuluka m'ndende ya Gwelo pa 1 April 1960. Lero ndifotokoza za malume aja amene anandilipirira sukulu, ndipo ndapitako m'mbali kwa nthawi yaitali chifukwa nkhaniyi imandiwawa.

Msonkhano wa ku Lancaster House ku London, wokambirana za malamulo oyendetsera dziko lathu, utatha mu August 1960, tinamva kuti Nyumba ya Malamulo idzakhala ndi aphungu osankhidwa 28, ndipo 20 mwa iwo adzachokera pa kaundula wapansi, wa ife anthu akuda. Ife achinyamata a ku Zomba tinkangoona chiwerengerocho. Malume, amene anali kalaliki m'boma, anayala nyuzipepala pamphasa usiku wina, naloza ndi chala ndime yonena za khonsolo ya nduna. Anati khonsoloyo ntchito yake inali kulangiza Bwanamkubwa basi, ndipo iye anali ndi mphamvu yokana malangizowo. Kenako ananena mawu amene anandipsetsa mtima: kuti Mzungu akadzachoka, mphamvuzo zidzatsala pampando womwewo, ndipo ngati aphungu onse adzakhala a chipani chimodzi, palibe amene adzamuletse wokhalapoyo.

Ndinaimirira pamaso pa azakhali ndi ana, ndipo ndinawatchula kuti kapirikoni, kutanthauza munthu wogulitsa anzake kwa Azungu. Malume sanayankhe. Anapinda nyuzipepala ija pang'onopang'ono, naiika pansi pa nyali, n'kulowa kuchipinda. Amene munganene kuti ndinali mwana, dziwani kuti ndinali ndi zaka 22 ndipo ndinkadziwa bwino kuti m'masiku amenewo dzinali linkaotchetsa nyumba za anthu.

Pa 15 August 1961 Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 ndi iwiri ya pa kaundula wapamwamba. Bwanamkubwa Sir Glyn Jones anagwira ntchito mogwirizana ndi Dr. Banda, amene anakhala nduna yaikulu mu February 1963, ndipo ine ndinkati malume analakwa.

Mu September 1964, Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi atachotsedwa unduna, aphungu anasonkhana ku Zomba n'kuvomereza kuti ali pambuyo pa Dr. Banda. Madzulo ake ndinapita kwa malume ndi mtima wopepesa. Ndinawapeza pakhonde, anandipatsa mpando, nandifunsa za matenda a amayi, ndipo ndinabwerera kunyumba pakamwa panga pasanatuluke mawu amene ndinapitira.