Mu Cephei, nyenyezi yofiira yomwe imangosuzumira kumpoto kwa Lusaka

Kuno ku Lusaka tili madigiri 15 kumwera kwa equator, ndiye Polaris, nyenyezi yolozera kumpoto, sitiiona n'komwe, ndipo Mu Cephei ikakwera kwambiri imangofika madigiri pafupifupi 16 pamwamba pa chizimezime. Tambasulani dzanja mufumbate: chibakera chimodzi ndi madigiri 10. Nyenyeziyi ili pa chibakera chimodzi ndi theka basi. Mtengo wa mango kapena mpanda wa aneba ndi wokwanira kuibisa.

Ndi chinyenyezi chachikulu zedi, m'mimba mwake kuposa dzuwa pafupifupi ka 1,000, koma chili kutali moti chimangooneka ngati kamoto ka khala. Katswiri wa zakuthambo William Herschel anachita chidwi ndi kufiira kwake mu 1783, ndipo mpaka lero ambiri amaitcha Garnet Star (garnet ndi mwala wofiira). Kuwala kwake kumasinthasintha, kuyambira magnitude 3.4 mpaka 5.1 (nambala ikakula ndiye kuti yazilala), choncho miyezi ina maso okha sakwanira.

Imafika pamwamba cha pakati pa usiku m'kati mwa Ogasiti, cha m'ma 22:00 pakati pa Seputembala, ndi cha m'ma 20:00 pakati pa Okutobala. Okutobala amakopa chifukwa munthu sagona mochedwa, koma ndi nthawi yomwe fumbi ndi utsi wa tchire zimaunjikana m'munsi mwa thambo, pomwe pali nyenyeziyo. Pamenepo kuwala kumadutsa mpweya wochindikala kuposa katatu poyerekeza ndi pamwamba pa mutu. Ogasiti ndi wabwinoko, mungovala juzi. Sankhani usiku wopanda mwezi, ndipo tulukani mumzinda kudzera Great North Road kulowera ku Chisamba kuti magetsi a m'tauni akhale kumbuyo kwanu. Mukapita mbali ya Chilanga kapena Kafue mwataya mafuta, chifukwa kuwala konse kwa Lusaka kudzakhala patsogolo panu.

Tengani binoculars ya 7x50 kapena 10x50, mutsamiritse zigongono padenga la galimoto. Foni ikhale m'thumba kwa mphindi 20 kuti maso azolowere mdima. Pa nthawi zomwe tatchula zija, yambani ndi Deneb, nyenyezi yowala yoyera, zibakera pafupifupi zitatu m'mwamba, kumanzere pang'ono kwa kumpoto. Tsikani mpaka Alderamin, yoyeranso, yomwe ili madigiri 12 pamwamba pa chizimezime. Kuchoka apo kwerani chakumanja madigiri 5, ngati zala zitatu.

Ambiri amasokonezeka ndi Zeta Cephei, yomwe ili madigiri pafupifupi 4 kumanja kwa Mu Cephei, pa msinkhu wofanana. Nayo ndi yofiirira ndipo nthawi zambiri imawala kuposa mnzakeyo, ndiye diso limathamangira kumeneko. Ya kumanzereyo, yoyandikira Alderamin, ndiyo mukufuna.

Ipenyeni mwachindunji. Njira yoyang'ana cham'mbali imathandiza pa zinthu zozilala, koma imapha mtundu, chifukwa mbali ya diso yozindikira mitundu ili pakati. Kufiira kukakana kuoneka, potozani focus pang'ono kuti kadonthoko kafufume, kenako bwererani pa Alderamin mufananitse.