Kodi Joe Rogan ndi wa mbali iti pandale?

Ku America, dzina la Joe Rogan likangotchulidwa, anthu amagawikana pomwepo. Podcast yake (pulogalamu ya macheza yomvera pa intaneti), The Joe Rogan Experience, inayamba mu 2009, ndipo mu 2020 kampani ya Spotify, yomwe imaulutsa nyimbo ndi mapulogalamu pa intaneti, inagula ufulu woiulutsa pa mtengo womwe malipoti anati unaposa madola 100 miliyoni.

Masiku ano ambiri amamuona ngati munthu wa Donald Trump, ndipo sakulakwa kwenikweni. Mu Okutobala 2024 anacheza ndi Trump kwa maola pafupifupi atatu ku Austin, mzinda wa ku Texas, kenako tsiku loti mawa lake ndi chisankho cha pulezidenti analengeza poyera kuti ali pambuyo pake. Komatu Rogan yemweyu mu 2020 ananena kuti mwina adzavotera Bernie Sanders, yemwe ankafuna kuimira chipani cha Democratic, chopikisana ndi cha Trump, mu 2022 anati safuna kuthandiza Trump ndipo anali atakana kangapo kumulandira, pomwe mu 2025 anadzudzula nkhanza zomwe boma la Trump linkachita pogwira anthu obwera m'dzikomo kuchokera kumayiko ena.

Kwa ine, kumufunira chipani n'kutaya nthawi, chifukwa chimene chimaumba mbiri yake ndi kachezedwe kake. Rogan amamvetsera mwachidwi, kawirikawiri samudula mlendo pakamwa, ndipo palibe mkonzi amene amakhala pambuyo pake n'kufunsa umboni. Omvera amamukonda chifukwa cha chimenechi, popeza amamva ngati ali nawo pamachezawo, koma zikutanthauzanso kuti mlendo akanena bodza molimba mtima, nthawi zambiri limadutsa osatsutsidwa. N'chifukwa chake mu Januwale 2022 madokotala, asayansi ndi akatswiri ena 270 analembera Spotify kalata yodandaula ndi zomwe mlendo wina, dokotala Robert Malone, analankhula pa pulogalamuyi zokhudza katemera wa COVID-19. Rogan wakhala akudziteteza kuti iye ndi wanthabwala chabe, si dokotala, koma mawu otere sakhutiritsa akachoka kwa munthu amene amamvedwa ndi anthu mamiliyoni.

Andale anazindikira kale kumene kuli mpata. Kamala Harris, yemwe ankapikisana ndi Trump mu 2024, anapita ku podcast ya Call Her Daddy ya Alex Cooper, imene imamvedwa kwambiri ndi amayi achitsikana, koma zokambirana zoti akaonekere kwa Rogan zinalephereka, mwa zina chifukwa sanamvane za malo ndi kutalika kwa machezawo. Chisankho chitatha, ena a chipani cha Democratic anayamba kulira kuti akufunika Rogan wawo, ngati kuti aiwala kuti munthuyu atayamikira Sanders mu 2020, ambiri mwa anthu awo anakwiyira Sanders chifukwa chofalitsa mawuwo.