Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chipsera cha abambo

M'gawo lapitali ndinasiyira pamene ndinapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kandalama katayamba kuoneka m'thumba. Chisangalalocho sichinakhalitse. Chaka chomwecho cha 2019 mlongo wanga anaimba foni ali kumudzi ku Angónia, kunena kuti mwendo wa abambo wayamba kununkha, moti asiya kupita kutchalitchi chifukwa chochita manyazi ndi ntchentche.

Mwendo umenewu unali ndi mbiri yake. Mu 1986 nkhondo itafika kwathu, nyumba yathu yaudzu inatenthedwa usiku. Abambo anabwereramo kukanditenga ine, ndili khanda, ndipo phaso loyaka linawagwera m'munsi mwa bondo lakumanzere. Anayenda nalo balalo mpaka ku Dedza, kumene tinakakhala monga othawa nkhondo kufikira mtendere wa 1992 utakhazikika. Linapola, koma linasiya chipsera chachikulu, chotuwa, chosalala, chosamera cheya. Nthawi yozizira chinkang'aluka, amayi n'kuchipaka mafuta, n'kutsekeka. Tonse tinazolowera.

Ulendo uno sichinatsekeke. Nditafika ndinapeza chilonda chili pakati penipeni pa chipsera, m'mbali mwake motukuka ndi molimba ngati mlomo wa mphika, pakati pali nyama yotumphuka yomwe inkatuluka magazi ukangoikhudza ndi thonje. Chinali chitatha chaka ndi miyezi. Anali atathirapo ufa wa m'makapisozi ogula pamsika, ndiponso kuchipatala chaching'ono ankawatsuka n'kuwamanga bandeji. Sing'anga naye anali atanena zake: akuti abambo anaponda mankhwala m'malire a munda wa mbatatesi, ndipo chala chinaloza abambo aang'ono, amene ankakangana nawo za malirewo.

"Ababa, tiyeni ku Tete," ndinatero.

"Chilonda chosapweteka n'chokwerera minibasi? Nanga mbatatesi akumba ndani?"

Kusapweteka kumeneku ndi kumene kumapha anthu. Dzino likawawa, munthu amadzuka usiku kukafuna wolizula, koma chilonda chongokhala phee amachisunga mpaka chifike pafupa. Amayi ndiwo anathetsa mkanganowo. Anangolongedza jekete, bulangete ndi kalata yotumizira wodwala, imene kwathu timati guia, n'kuziika pakhomo.

Kuchokera ku Ulongué, likulu la Angónia, kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo umatsika kuchoka kozizira kupita kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala. Abambo anakana kuvula jekete mpaka titawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel.

Dokotala sanafulumire kuyang'ana chilondacho. Anayamba wafunsa kuti chipseracho ndi cha liti, kenako anawagoneka n'kumasisita m'mphechepeche kufuna mwanabere, chifukwa khansa ya pamwendo ikayamba kuyenda imayambira kufika kumeneko. Atatero anabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kudula kanyama kam'mbali mwa chilonda kuti kakapimidwe. Zotsatira zitabwera, papepala panalembedwa carcinoma espinocelular, imene m'Chingelezi amati squamous cell carcinoma. Iye ankalankhula Chipwitikizi, ine ndikumasulira.

"Mufunse," abambo anandikodola, "khansa ya pakhungu si ya azungu kodi? Ine wakuda chonchi yandipeza bwanji?"

Dokotalayo anaseka pang'ono, n'kukoka mpando. Anati azungu ambiri imawagwira ndi ina, basal cell, yobwera ndi dzuwa, yokonda kumaso ndi pamphuno, yomwe imakula pang'onopang'ono ndipo kawirikawiri sifalikira m'thupi. Khungu lakuda limatchinga dzuwa ndithu, koma khansa ili ndi makomo ena. Chipsera cha moto kapena chilonda chokhalitsa chimatha kusanduka khansa patapita zaka 20 kapena 30, ndipo yobadwira pachipsera imakhala yaukali kuposa yobwera ndi dzuwa. Anatchulanso melanoma, yoopsa kwambiri, imene mwa anthu akuda imakonda kubisala kuphazi, m'chikhatho kapena kunsi kwa chikhadabo, ikuoneka ngati kabanga kakuda kamene kakukula ndi kusintha maonekedwe. Ndani kwathu amayang'ana kuphazi kwa agogo ake? Ina ndi Kaposi, ya mabanga akuda ndi kutupa miyendo, imene tinaiona kwambiri mwa anthu okhala ndi HIV ma ARV asanafale.

Pa benchi lodikira tinkakumana ndi mayi wina wa ku Tsangano ndi mwana wake wamkazi wachialubino, wa zaka ngati 16. Makutu ake ndi kumbuyo kwa khosi kunali timabanga tokhakhala. Tina anamuwotcha ndi mankhwala ozizira kwambiri tisanasanduke khansa, koma ka pakhutu kanali katapitirira kale, kofunika mpeni. Mayiyo ankadabwa kuti dzuwa lamupweteka bwanji mwana wake pomwe kwawo n'kumapiri kozizira. Komatu chimene chimawononga khungu si kutentha ayi, ndi cheza cha dzuwa, ndipo kumtunda n'kumene chimakhala champhamvu, ngakhale kuli mitambo. Anamuuza za chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa, komanso kuti asamalime dzuwa lili paliwombo. Ndinaganiza mumtima kuti chomalizachi n'chosavuta kunena uli mu ofesi.

Za abambo, njira inali kudula. Anatiuza mosabisa kuti ngati yalowa m'fupa, mwendo uchoka. Makina owotcha khansa, a radioterapia, anali atangoyamba kumene kugwira ntchito chaka chimenecho ku Hospital Central de Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,500, ndipo ndinawerengera malipiro anga usiku wonse osapeza poyambira. Mwamwayi chithunzi cha X-ray chinaonetsa fupa lili bwino. Anachotsa chilonda chonse pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, kuti pasatsale mizu, kenako anasenda kachikopa kopyapyala pantchafu n'kukamata pabalapo. Chodabwitsa n'chakuti pantchafu m'pamene panawapweteka kwambiri. Ankandikalipira tsiku lililonse kuti ndawabweretsera bala lachiwiri pamene iwo anabwera ndi limodzi.

Anatuluka akuyenda ndi ndodo, atauzidwa kuti azibwera miyezi ingapo iliyonse kudzapimitsa m'mphechepeche, ndipo akaona kachotupa asadikire tsiku lolembedwa. Mbatatesi anakumba ndi alamu anga.

Chimene mpeni wa dokotala sunachotse ndi mawu a sing'anga aja. Titafika kumudzi tinapeza abambo aang'ono atasamutsa banja lawo lonse kupita kwawo kwa akazi awo, nkhani ili kale kwa a mfumu, ndipo ine ndinaitanidwa kuti ndikawerenge pepala la kuchipatala pabwalo. Zimene zinachitika kumeneko ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.