Bajeti ya chakudya imayambira m'kabati

Anthu ambiri akafuna kuchepetsa ndalama imene imathera pa chakudya, amayamba ndi kusakasaka sitolo yotchipa. Ine ndimayamba ndi kutsegula kabati. Ndisanalembe chilichonse chokagula, ndimatulutsa zimene zili m'kabati ndi m'firiji n'kuziyala patebulo, kuti ndione zimene zatsala pang'ono kuwonongeka. Chakudya cha masiku oyamba a sabata chimachokera pamenepo. Zokagula zimangobwera kudzakwaniritsa zimene zilipo kale.

M'nyumba mwathu tilimo asanu: ine, bambo a ana, ndi ana atatu. Mmodzi mwa anawo ndi mnyamata amene wafika pa msinkhu woti mbale imodzi siimukwanira. Ndalama ya chakudya ndimagwira ndine, ndipo ntchito imeneyi sindiiona mopepuka, chifukwa pa zinthu zonse zimene timalipira mwezi ndi mwezi, chakudya chokha ndi chimene chimalola kusinthidwa. Lendi sungaidule pakati. Fizi ya ana nayo ili ndi mtengo wake. Zikavuta, mpeni umagwera pa chakudya, ndipo wodulayo akapanda kusamala amadula zinthu zimene thupi likuzifunadi n'kusiya zopanda pake.

Aliyense amene wandifunsa nzeru ndimamuuza kuti mwezi woyamba asasinthe kanthu. Angosunga malisiti onse, ndipo pamene sanapatsidwe lisiti alembe m'kope tsiku lomwelo, ngakhale atagula anyezi mmodzi. Mwezi ukatha agawe zimene walembazo patatu: zokhalitsa monga mpunga, ufa, mafuta ophikira ndi nyemba zouma, zosachedwa kuwonongeka monga masamba, zipatso, mkaka, nyama ndi buledi, ndiye zimene mtima unangolakalaka panjira. Sopo, mankhwala otsukira mano ndi zina zotere zikhale pazokha, chifukwa zikalowa m'gulu la chakudya zimasokoneza masamu. Chimene chimawonekera m'kope lotere nthawi zambiri n'chakuti tsiku logula zinthu zambiri lija, limene mtima umapweteka polipira, silimene limadya ndalama kwambiri. Zimene zimadya ndalama ndi timaulendo tating'onoting'ono. Wapita kukagula buledi yekha, wabwerako ndi buledi, mabisiketi ndi chakumwa. Mawa lake zomwezo. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mwambiwu umagwiranso ntchito pamene ndalama ikuchoka m'thumba.

Komabe dzenje lalikulu kuposa timaulendoti ndi chakudya chimene tagula kale n'kuchitaya. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe, la UNEP, limene linatuluka mu 2024, linati m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya chakudya chokwana matani 1.05 biliyoni, ndipo 60 peresenti ya chakudya chimenechi inatayidwa m'makomo, osati m'masitolo kapena m'malesitilanti. Akagawa zotayidwa m'makomo zokhazo, zimafika makilogalamu 79 pa munthu mmodzi pachaka. N'zoona kuti m'chiwerengerochi mulinso makoko ndi mafupa, koma chimene chinandikhudza n'chakuti kusiyana kwa mayiko olemera ndi opeza pakatikati n'kochepa kwambiri. Tinazolowera kuganiza kuti otaya chakudya ndi anthu olemera okha. Ayi ndithu. M'nyumba yopanda firiji, kapena kumene kumatentha, tomato amawola msanga kuposa kwa munthu wachuma, ndipo mwini nyumbayo ndi amene tomatoyo anamugula movutikira.

N'chifukwa chake nthawi yanga yambiri ndimathera pa kasungidwe. Nthochi, maapozi, mapeyala ndi tomato zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, umene umapsetsa msanga zipatso zina zimene zili pafupi n'kufotetsa masamba. Ndikafuna kuti peyala lipse mwachangu ndimaliika m'pepala limodzi ndi nthochi. Ndikafuna kuti zinthu zikhalitse ndimazisiyanitsa. Mbatatesi zimafuna pamdima, pouma komanso popita mphepo. Zikakhala powala zimabiriwira, ndipo pobiriwirapo pamakhala poizoni wotchedwa solanine, choncho pamenepo n'pofunika kudula n'kutaya. Sindiziika pamodzi ndi anyezi, chifukwa zikakhala pamodzi zonse zimawonongeka msanga. Ufa, mpunga ndi nyemba zimalowa m'zitini kapena m'mabotolo otseka bwino tsiku lomwe zafika, anankafumbwe asanazipeze. Amene muli ndi firiji, kuzizira kwake kusapitirire madigiri 5, ndipo zakale zizikhala kutsogolo, zatsopano kumbuyo. Chinthu chimene diso silikuchiona, m'nyumba ya anthu otanganidwa, chimaiwalika mpaka fungo likukumbutseni.

Zotsala za dzulo ndi chakudya cha lero, koma pamenepa ndimakhwimitsa malamulo, chifukwa kutsekula m'mimba kumadya ndalama zambiri kuposa mbale imene mwapulumutsa. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri. Mpunga ndiye wovuta kwambiri. Uli ndi kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene mbewu zake sizifa pophika, ndipo mpunga ukakhala wofunda nthawi yaitali kachilomboka kamatulutsa poizoni amene satha ngakhale mutenthetsenso. Wotsala ndimauyala m'mbale yaphanthiphanthi kuti uzizire msanga, ulowe m'firiji, ndipo mawa lake uthe. Kumene kulibe firiji, nzeru ndi kuyeza pophika. Kapu imodzi yomweyo, tsiku lililonse, mpaka mudziwe kuti banja lanu limakhuta ndi makapu angati. Ambiri timaphika ndi maso, ndipo maso amaopa kuchepa, ndiye amawonjezera.

Masiku olembedwa pamapaketi nawonso amataitsa chakudya chabwinobwino. Pakalembedwa use by, monga pa nyama, nsomba ndi zina zosachedwa kuwonongeka, tsiku limenelo n'lofunika kulilemekeza. Pakalembedwa best before, monga pa mpunga, pasta, ufa kapena zam'zitini, akunena za kukoma kwake, ndipo chinthu chosungidwa bwino chimadyeka tsikulo litadutsa. Chitini chokhacho chikatupa, kuchita dzimbiri kwambiri kapena kubooka, chitayeni osalawa.

Za m'sitolo ndinenapo pang'ono, chifukwa n'zimene aliyense amakamba. Kale wogula ankapereka mndandanda kwa wogulitsa, iye n'kukatenga katunduyo. Sitolo yoyamba yotchuka yoti munthu azidzitengera yekha pamashelefu inali Piggly Wiggly, imene Clarence Saunders anatsegula ku Memphis, m'dziko la America, mu 1916. Kenako mu 1937 Sylvan Goldman wa ku Oklahoma City anabweretsa kangolo kokankha, ataona kuti anthu amasiya kutola zinthu basiketi ikalemera. Ndimakumbukira zimenezi ndikamalowa m'sitolo yaikulu, chifukwa zimandiuza kuti malowo anakonzedwa mwanzeru kuti dzanja lizitola. Zimene akufuna kuti mugule amaziika molunjika maso, zotchipa zimakhala m'munsi kapena pamwamba, ndipo maswiti amakhala polipirira pamene mwana waima n'kumakukokani chovala. Sindikuwada eni masitolo, ali pa ntchito yawo. Koma nanenso ndili pa yanga, ndiye ndimalowa nditadya, mndandanda uli m'manja, ndipo zogula zikakhala zochepa ndimanyamula basiketi osati kangolo.

Mtengo umene ndimayang'ana ndi wa kilogalamu kapena wa lita, osati wa paketi. Opanga zinthu ali ndi chizolowezi chochepetsa zam'kati paketi n'kukhala yofanana ndi yakale, mtengo osasintha, ndipo amene sawerenga kulemera kwake sadziwa kuti zakwera. Paketi yaikulu siikhala yotchipa nthawi zonse. Foni ili ndi kakyuleta, gawani muone. Nkhani ya kugula zambiri nthawi imodzi ndimagwirizana nayo pa zinthu zokhalitsa zokha, zimenenso ndikudziwa kuti timadya sabata iliyonse. Pa zina zonse ndimakayika. M'nyumba mukakhala shuga wambiri, supuni imadzaza kwambiri. Mafuta akakhala m'chigubu chachikulu, dzanja limapungulira mosayeza. Ine ndimathira a sabata imodzi m'kabotolo kakang'ono, chigubucho n'kuchibisa kutali. Zotsitsidwa mtengo nazo, ngati sizinali pa mndandanda wanga ndipo sizilowa m'malo mwa chinthu china chimene ndikanagula, ndimazidutsa.

Pamene ndalama imapulumuka kwambiri m'nyumba mwathu ndi pa nyama. Sitinaisiye, koma inasiya kukhala pakati pa mbale tsiku lililonse. Nyemba, mphodza ndi mazira zinatenga malo ambiri. Kilogalamu imodzi ya nyemba zouma ikapsa imaposa makilogalamu awiri, pamene nyama ikapsa imachepa. United Nations inachita kupatula chaka cha 2016 kuti chikhale cha mbewu za m'gulu la nyemba, pozindikira kuti zimapereka mapuloteni pa mtengo umene anthu ambiri angakwanitse. Vuto la nyemba ndi moto, ndipo moto nawo ndi gawo la bajeti ya chakudya limene ambiri saliwerengera, kaya mumaphikira gasi, magetsi kapena makala. Ndimaziviika usiku, ndimaphika zambiri kamodzi, poto ali wovundikira, n'kugawa za masiku angapo. Nyemba zofiira zimafuna kubwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 poyamba, chifukwa zosapsa bwino zimadwalitsa. Nyama ikakhalapo ndimaiduladula n'kuiphatikiza ndi masamba kapena nyemba zomwezo, ndipo mafupa a nkhuku amabwereranso pamoto kukapanga msuzi wa tsiku lotsatira.

Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina kuti, "Amayi, kodi tasauka? Bwanji simukugulanso zakumwa zija?" Ndinamukhazika pansi n'kumuonetsa kope. Ndinamuuza kuti ndalama ya zakumwa za sabata imodzi ndi imene ikugula zipatso zimene amanyamula kusukulu, ndipo ndinamupempha kuti asankhe yekha zipatso za sabata yotsatira. Ana amamva akauzidwa zoona, ndipo chimene asankha okha sachisiya m'mbale. Bambo awo ndinawapempha chinthu chimodzi: "Inu bambo, mukafuna kubweretsa kanthu pochokera kuntchito, muziyamba mwandiimbira." Sikuti ndikuwaletsa kukondweretsa ana awo. Kungoti anthu awiri akamagulira nyumba imodzi osauzana, kabichi amabwera awiri ndipo mmodzi amawola.

Pali zimene ndimakana kudula ngakhale mwezi utavuta bwanji. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, ndiponso kuti shuga wowonjezera asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zimene timapeza m'chakudya, omwe kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50. Kachitini kamodzi ka chakumwa cha cola, ka mamililita 330, kali ndi shuga pafupifupi magalamu 35. Ndiye ndikamasankha chodula, ndimayambira pamenepo. Zimandimvetsa chisoni kuona banja likuchotsa masamba, mazira ndi mkaka wa ana n'kusiya zotsekemera, pa chifukwa choti zotsekemerazo n'zimene ana amalirira. Masamba ndi zipatso ndimagula zimene zili m'nyengo yake, chifukwa nthawi imeneyo zimakhala zambiri, zotchipa komanso zokoma.

Sindikufuna kuti wina awerenge zimenezi n'kuyamba kudziimba mlandu. Mu 1857 katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, atafufuza mmene mabanja a anthu ogwira ntchito ku Belgium ankagwiritsira ntchito ndalama, anapeza kuti banja likakhala losauka, gawo la ndalama zake limene limapita ku chakudya limakhala lalikulu. Mpaka lero zili choncho. Mitengo ikakwera, monga mu March 2022 pamene chiwerengero cha mitengo ya chakudya padziko lonse cha FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, chinafika pamwamba kuposa kale lonse, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itasokoneza malonda a tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa, wolemera amangodandaula koma wosauka amachepetsa chakudya. Munthu wolandira ndalama ya tsiku ndi tsiku sangagule thumba lalikulu, ndiye amagula pang'onopang'ono pa mtengo wokwera. Kumuuza kuti agule zambiri nthawi imodzi n'kumunyoza. Chimene ndaona chikuthandiza n'kugwirizana mabanja awiri kapena atatu odalirana, kusonkha, kugula chachikulu n'kugawana pa sikelo.

Ndalama yathu ya mwezi ikabwera, ndimayamba ndagula zokhalitsa. Yotsalayo ndimaigawa m'maenvelopu a sabata iliyonse, asanu osati anayi, chifukwa miyezi yambiri ili ndi masiku 30 kapena 31 pamene masabata anayi ndi masiku 28 okha, ndipo masiku otsalawo ndi amene amagwetsa anthu m'ngongole malipiro asanafike. Amene mumalipira pafoni kapena pakhadi mukhoza kuchita chimodzimodzi m'kope, bola muzichotsera tsiku lomwelo. Envelopu ya sabata ino ikatha sindikhudza ya sabata yamawa, timadya za m'kabati. Ikatsalako, yotsalayo imalowa m'envelopu yachisanu, imene imathandizanso alendo akabwera mwadzidzidzi kapena mafuta ophikira akakwera mtengo pakati pa mwezi.